Mano Amene Amayi Sakuwadziwa

Kwathu kumunsi kwa Sharpevale, kudambo komwe timalima mpunga, munthu sumufunsa kuti kwanu n'kuti. Umangodikira kuti aseke. Madzi a m'mijigo yathu ali ndi kanthu kamene kamalowa m'mano a mwana asanamere n'komwe, ndiye akamatuluka amatuluka ndi mizere yofiirira ngati malata akale. Sawawa, sabowoka msanga, nzimbe amasenda bwinobwino. Kungoti ndi ofiira, ndipo kufiirako sikuchoka. Amayi ali nawo, akulu anga ali nawo, amene ankatiphunzitsa Sande sukulu anali nawo. Ndili mwana sindinkadziwa kuti pali cholakwika.

Ndinakadziwira ku sekondale yogonera komweko. Kumeneko ndinakumana ndi atsikana a ku Tsangano, okulira madzi ozizira a m'mapiri, mano ali mbee. Tsiku loyamba lomwe, tili pamzere wa phala, mmodzi anandiyang'ana pakamwa n'kufunsa mokweza ngati kwathu timatafuna misomali. Mzere wonse unafa nacho chiseko. Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ndinamukhuthulira phala pamalaya, ndipo sabata yanga yoyamba ya sekondale ndinaithera kukumba dzenje la zinyalala. Dzina loti dzimbiri linandikakamira mpaka ndinalemba mayeso a Folomu 4.

Palibe chimene sindinayese. Makala, phulusa, soda wa therere, mchere wothira mandimu, ngakhale mchenga wa kumtsinje mpaka nkhama kuchucha magazi. Nditatopa ndinaphunzira kuseka nditagwira pakamwa, anthu n'kumandiyamikira kuti mwana uyu ndi waulemu. Ulemu wake uti? Ndinkabisa mano basi.

Amayi nkhani imeneyi sinkawalowa m'mutu. Ndikabwera kutchuthi ndikudandaula, ankandifunsa funso limodzi lokha.

"Amaluma?"

"Amaluma."

"Ndiye ukufunanso chiyani iwe?"

Iwe ameneyo ndiye anali dzina langa pakhomo. Ndine mzime, tilipo awiri okha, ine ndi akulu anga amene amakhala ndi amayi kumudzi. Iwowo atangobereka mwana woyamba anakwezedwa, amayi anayamba kuwatchula kuti inu. Ine ayi. Ndinapeza ntchito ku Lilongwe, pa desiki yolandirira alendo pomwe amuna a mataye amanditi madamu, koma ndikangotsika njinga ya kabaza pakhomo ndimamva, "Iwe, wawonda bwanji? Iwe, tatenga ndowa." Ngakhale pamaso pa alendo. Tsiku lina ndinalephera kupirira ndinati, "Amayi, ndakulatu ine." Anandiyankha osatukula n'komwe mutu, "Wakulira konko."

Ndinali nditadutsa zaka makumi atatu ndi zisanu pamene mnzanga wa kuntchito anandiuza za mavinia. Ndi tizigoba topyapyala ngati chikhadabo, topangidwa ndi dothi lowotcha longa la makapu a tiyi aja amayi amabisira alendo. Dokotala wa mano amapala pang'ono pamwamba pa dzino lako, n'kumatapo kachigobako, dzino n'kuoneka latsopano. Ndinaganizira nkhaniyi zaka ziwiri ndisanauzeko wina aliyense kumudzi.

Adokotala amene ndinapitako anali bambo ofatsa, olankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga kalata ya maliro. Ndinene poyera kuti iwo sanalakwe chilichonse. Tsiku loyamba anatulutsa kamera kuti ajambule mano anga mmene analili. Ndinakana.

"Ndi zosunga m'faelo mwanu chabe, amayi," anatero.

"Zaka zonsezi palibe amene adandijambula mano amenewa. Simuyamba ndinu."

Anabweza kamera m'dirowa osatsutsa. Kenako anatenga kathabwa kokhala ndi timano tofoletsedwa pamzere, kuyambira koyera kwambiri mpaka kachikasu, n'kumayika kamodzikamodzi pafupi ndi nkhope yanga ndikuyang'ana pagalasi. Anandifotokozera kuti dzino la munthu silikhala la mtundu umodzi kuchokera kumwamba mpaka kunsi. Kufupi ndi nkhama limaderako pang'ono, kunsonga limaonekera kuwala. Anati ngati ndikufuna kuti anthu aziona ngati ndinabadwa nawo, ndisankhe kachitatu kapena kachinayi pamzerewo, osati koyera kuposa maso anga. Anatinso mpata umene ndinali nawo pakati pa mano awiri akutsogolo tiusiye, ngakhale pang'ono, chifukwa nkhope yanga inakula nawo.

"Adokotala," ndinatero, "obadwa nawowo ndi amene ndabwera kudzawathawa. Ndipatseni akumapetowo, oyerawo. Mpatawonso tsekani."

Anandiyang'ana kanthawi. "Mumve bwino chinthu chimodzi. Tikapala, tapala. Dzino silimeranso khungu. Mudzakhala ndi mavinia moyo wanu wonse."

Ndinavomera ndi mtima wonse. Ndimakumbukirabe kulira kwa kamakina kaja ndi fungo lake, ngati tsitsi likupsa. Milomo ili dzanzi ndi jakisoni, ine m'mtima ndinkangoti pala, pala, chotsa zonse. Anandipala onse oonekera ndikaseka, am'mwamba ndi am'munsi omwe. Kwa miyezi ingapo ndinayenda ndi apulasitiki ongoyembekezera, mpaka tsiku limene enieniwo anabwera kuchokera ku labu, kumene amawaumba. Anawamata limodzilimodzi, n'kumaumitsa guluu ndi kanyali kobiriwira. Atandipatsa galasi ndinalira.

Ndinasangalala, ndipo sindichita manyazi kunena. Ndinkaseka nthabwala zosaseketsa. Ndinkapatsa moni alonda amene kale ndinkangowagwedezera mutu. Ndinadzijambula pafoni kambirimbiri, koma kumudzi sindinatumizeko chithunzi ngakhale chimodzi. Ndinkafuna kuti akaone okha, ndione mmene akulu anga akatsegulire kukamwa.

Miyezi yonseyi akulu anga ankandiimbira foni kuti amayi ayamba kuiwalaiwala. Athira mchere mu tiyi. Afunsa kuti abambo apita kuti, pomwe tinawayika zaka zapitazo. Asochera pobwera kuchokera kumunda umene aulima moyo wawo wonse. Ku chipatala cha pa Sharpevale anati ndi matenda a ukalamba oiwalitsa, alibe mankhwala ochiza. Ine ndinkati ndibwera, ndibwera, koma ndi mano apulasitiki aja sindinkafuna kuonekera. Panapita miyezi isanu ndisanaponde kwathu.

Ndinafika masana dzuwa lili pamutu. Amayi anali pakhonde, lichero pamiyendo, akutola timiyala mu mpunga. Ndinayamba kumwetulira ndili patali, pakamwa ponse pululu, kuti aone. Anandiyang'ana. Anayika lichero pansi, anadzuka ndi mawondo awo owawawo, anakung'untha mkeka n'kundiyalira, iwo n'kukagwada pambali pa dothi. Anawomba m'manja mwaulemu.

"Wawa. Mwayenda bwanji?"

Ndinaseka, poganiza kuti akundinyogodola chifukwa chosowa. "Amayi, siyani zimenezo. Ndine."

"Eya, ndinu. Takulandirani." Anatembenukira kuseri kwa nyumba n'kuitana akulu anga. "Iwe! Kwabwera alendo a kuchipatala. Tatulutsa kapu yabwino ija."

Akulu anga anatulukira manja ali thovu la sopo. Atandiona pakamwa anaima chilili. Sanatsegule kukamwa mmene ndinkafunira muja. Anandigwira dzanja n'kundikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Wachita chiyani?"

"Ndakonzetsa mano. Si abwino?"

"Mayi wako nkhope adasiya kuzidziwa. Amayang'ana pakamwa. Akaona ofiira amadziwa kuti ndi wa kuno, amamasuka. Akaona oyera amati ndi a boma, kapena a chipatala. Ine ndemwe amanditi iwe masiku ano, nthawi zina amandiyesa mng'ono wawo. Koma amadziwa kuti ndine wawo."

"Bwanji simudandiuze?"

"Iwe udandiuza kuti ukukachotsa mano?"

"Sindidachotse!"

"Nanga ali kuti?"

Tinakangana pamenepo monong'ona kuti amayi asamve, aliyense akuloza mnzake chala. Ndinawanena kuti ali ndi nsanje kuyambira kale. Iwo anandinena kuti ndakhala ndikuchita manyazi ndi kwathu kuyambira ndili ku sekondale. Zonse ziwiri zinali ndi choona chake, ndipo palibe chimene zinathandiza. Titabwerera pakhonde tinapeza amayi atandiyikira tiyi m'kapu yadothi ija, imene m'moyo wanga wonse sanandilolepo kuigwira.

Masiku atatu amene ndinakhala ndinayesa zonse zimene ndinaganiza. Ndinavula zovala za m'tauni n'kuvala chitenje chawo chakale. Ndinapita kumjigo, ndinasesa pabwalo, ndinawathirira madzi osamba. Anandithokoza ndi manja awiri, n'kudzudzula akulu anga chifukwa chogwiritsa alendo ntchito. Ndinawaonetsa chipsera cha pamwendo chimene ndinapsa ndi phala ndili wamng'ono, chimene iwo omwe anachimanga ndi nsanza. Anachigwira n'kuti, "Pepani, mudavulala ndithu." Ndinawakumbutsa za tsiku limene ndinataya chikwanje cha abambo m'ngalande ya mpunga, iwo n'kundibisa kuseri kwa chitseko. Anaseka mpaka misozi, nkhaniyo anaikumbukira bwinobwino.

"Ameneyo ndi mwana wanga wotsiriza," anatero. "Adakuuzani yekha? Mumadziwana?"

Ndinayesanso kulankhula nditatseka milomo, ngati munthu amene ali ndi madzi m'kamwa. Kwa kanthawi zinaoneka ngati zikuyenda. Anandiyang'anitsitsa, maso awo akuyendayenda pamphumi panga, pamphuno, m'makutu. Kenako anatambasula dzanja, anandigwira chibwano mmene ankachitira ndili mwana akafuna kuona ngati ndadya shuga.

"Tasekani."

Ndikanatani? Ndinatsegula. Anachotsa dzanja msanga n'kupepesa.

Nditabwerera ku Lilongwe ndinayamba ntchito imene ndikanauzidwa chaka chapitacho ndikanati munthuyo wapenga. Ndinayamba kudetsa mano. Ndinkamwa tiyi wakuda bii wopanda mkaka, ndikumusunga m'kamwa ndisanameze. Khofi chimodzimodzi. Ndinasiya kutsuka ndi mankhwala. Mano anangoti mbee, ngati akundiseka. Kusadetsedwa kumeneko ndi kumene ndinakondwera nako tsiku limene adokotala ankandifotokozera za mavinia.

Ulendo wotsatira ndinachita chinthu chimene mpaka lero akulu anga akachikumbukira amaseka kenako n'kupukuta maso. Nditatsika minibasi pa Sharpevale ndinapita kuseri kwa golosale, ndinatulutsa pensulo yofiirira yojambulira nsidze, n'kudzilemba mizere m'mano ndikuyang'ana pafoni. Pakati pa awiri akutsogolo ndinajambula mzere wakuda kuti ukhale mpata. Panjinga ndinakhala kukamwa kuli yasa kuti malovu asafufute, fumbi likulowa. Wakabaza anandifunsa kawiri ngati ndikudwala. Pofika pakhomo zonse zinali zitasungunuka, zapakika m'milomo ndi pachibwano. Amayi anandilandira mwaulemu womwe uja, kenako anakokera akulu anga pambali n'kunong'ona mokweza mmene amanong'onera okalamba, "Alendowa adya chiyani panjira? Apatse madzi asukuluze."

Ndinabwerera kwa adokotala. Ndinawafotokozera zonse, ndikuyembekeza kuti anena kuti ndinakuuzani. Sananene. Anangovula magalasi.

"Ndikufuna mundibwezere ofiira," ndinatero. "Ndi mpata womwe."

Anatulutsa kathabwa kaja. Tinayang'ana limodzi kadzino kakumapeto, kachikasu kwambiri pa tonse. Poyerekeza ndi mano a kwathu kanali koyera. Anati ku labu angathe kupaka mitundu pa dothilo asanaliwotche, anthu ake ndi aluso, koma afunika kuona chimene akutsanzira. Chikombole cha mano anga chimene anatenga ndisanapalidwe chinalipo, koma chinali cha laimu woyera, chikungoonetsa kaimidwe ka mano popanda mtundu.

"Muli ndi chithunzi chilichonse chakale mukuseka?"

Ndinafufuza sabata yathunthu. Mafoni akale, zithunzi za ku sekondale, za paukwati wa akulu anga, za kutchalitchi, za kuntchito. Ndinaimbira anzanga amene tinasiyana kalekale. Zithunzi zinapezeka zambiri. M'zonsezo ndatseka milomo, kapena dzanja lili pakamwa, kapena ndayang'ana pansi. Ndinagwira ntchito imeneyo mosamala kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo sindinaphonye ngakhale kamodzi.

Adokotala anati tingathe kutengera mano a akulu anga, ngakhale mizere ya munthu aliyense imayenda mwake. Koma anandiuzanso zoona. Kuchotsa mavinia n'kuwaswa ndi kamakina komwe kaja, ndipo dzino la pansi limapalikanso. Anga anali opyapyala kale. Ena akanatha kufa, n'kufunika kuwachotsa mitsempha. Ndipo iwo sakanalonjeza kuti amayi akandizindikira.

Ndinaimbira akulu anga kuti abwere ku Lilongwe adzawajambule pakamwa.

"Amayi ndiwasiyire ndani?" anafunsa. Kenako anati, "Mng'ono wanga, dzulo adandifunsa ine kuti ndine mwana wa yani. Adakumbukira madzulo. Pomwe uzimaliza zakozo mwina nanenso adzakhala atandiiwala. Usadziphere mano pachabe. Ingobwera uzidzawaona."

Ndinawakalipira kuti iwo n'chapafupi kulankhula, poti akadali ndi mayi. Ndinadula foni. Patapita kanthawi ndinaimbanso kupepesa. Kwa adokotala sindinabwererenso.

Choncho ndinakhala mlendo wa pamwezi. Amayi anazolowera kubwera kwanga, ngakhale ulendo uliwonse ankandilandira ngati woyamba. Nthawi zina ndinali wa kuchipatala, nthawi zina mlangizi wa mpunga, nthawi zina mkazi wa abusa atsopano. Ankandikonda ndithu. Ankandisungira chiwindi cha nkhuku. Koma akafuna kupita kuchimbudzi ankadikira akulu anga, ndipo ndikalowa kuchipinda akuvala ankadziphimba ndi chitenje. Chimene chinkandiwawa kwambiri n'choti anali osangalala, ndipo ine ndinkachoka ndili ndi njala ya kukalipiridwa.

Nthawi yokolola chaka chatha, tinakhala awiri pabwalo ndikupeta mpunga watsopano. Anandiyang'ana manja nthawi yaitali.

"Mumapeta ngati wa kuno," anatero. "Mwati mumakhala ku Lilongwe?"

"Eya, amayi."

Anasendera pafupi n'kutsitsa mawu. "Ndili ndi mwana wanga kumeneko. Wotsiriza. Wamtali ngati inu nomwe, koma wamkamwa. Mukamuona simungamusowe, ali ndi mano a kuno, ndi mpata apa." Analoza pakamwa pawo. "Adapita kalekale. Sabwera."

"Amabwera, amayi."

"Iyayi, sabwera. Ndikadamuona." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Kaya ndidamulakwira chiyani. Ndimamukalipira kwambiri, mwina nchimenecho."

Ndinapitiriza kupeta, mankhusu akundigwera m'maso. Iwo anadzuka, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kathumba ka shuga kakale. Anadzazamo mpunga ndi manja awo, anamanga ndi luzi, n'kundipatsa atagwada.

"Mukampatse. Mukamuuze kuti mayi ako sadakwiye."

Ndinanyamula kathumbako mpaka ku Lilongwe. Ndinadzitonthoza kuti pofika mawa adzakhala ataiwala, poti ankaiwala ngakhale kuti adya kale. Koma mwezi wotsatira, ndisanakhale n'komwe pamkeka, anandigwira mkono. Dzina la tsikulo sankalidziwa, za abambo ankafunsabe, koma ichi chokha chinakhala.

"Mudampeza?"

Akulu anga anali kumbuyo kwawo, akundipukusira mutu. Ndinawaona. Koma ndinaonanso nkhope ya amayi, ndipo sindinathe.

"Ndidampeza."

"Wati chiyani?"

"Wathokoza mpunga. Wati abwera."

"Liti?"

"Posachedwapa."

Anawomba m'manja ngati kamtsikana. Tsiku limenelo anadya bwino, anaimba nyimbo za kwaya ya amayi, anauza aliyense wodutsa panjira. Ine ndinabwerera m'tauni ndikudziuza kuti ndachita bwino.

Patatha masiku anayi akulu anga anaimba. "Waona zimene wachita? Adachotsa mkeka pakhonde. Akumakhala pansi pa mtengo wa m'mphepete mwa njira kuyambira m'mawa. Kudya ndikumawapititsira konko. Dzuwa liwawombe, akukana kusuntha. Akuti ungadutse osaona nyumba."

Ndinapempha tchuthi kuntchito n'kukwera minibasi m'mawa mwake. Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndikanena kuti mwana wanu wadwala. Ndikanena kuti wapita kutali. Ndikanena kuti ndine, amayi, ndine, mpaka amve. Pa Sharpevale sindinakwere njinga, ndinayenda wapansi kuti ndikafike mmene ndinkafikira pochokera kusukulu, chikwama pamutu. Ndinawaonera patali, atakhala pansi pa mtengo, atavala chilundu chawo cha kutchalitchi, dzanja lili pamphumi. Ataona munthu akubwera anadzuka. Anayenda masitepe awiri, atatu, akutsimphina. Ndinafulumira, milomo nditaitseka zolimba, misozi ikutsika. Ndinaima patsogolo pawo.

Anandiyang'ana, ndipo ndinaona akudikira. Sindikanakhala chotseka pakamwa mpaka kalekale.

"Amayi," ndinatero.

Mapewa awo anagwa. Anandipatsa moni ndi manja awiri, anafunsa za ulendo, anandilozera kunyumba kuti akulu anga akandipatse madzi. Kenako anapendeketsa mutu, kuyang'ana njira kumbuyo kwanga.

"Pepani," anatero, "tapatukani pang'ono. Mukunditchinga."

Ndinapatuka.